Sapoti ya Pakamwa

Mawu akuti sapoti ananenedwa kambirimbiri pabalaza masana amenewo, mpaka telala, mwini nyumbayo, anayamba kudana nawo ngati munthu.

Msonkhanowo anaitanitsa ndi iyeyo. Chidwalireni sitiroko, mayi ake ankakhala kwa iye. Kuwadzutsa, kuwakhazika pampando wosambira, kuwanyamula kupita kuchimbudzi, zonsezo zinali pamsana pake, poti mwamuna wake ankayendetsa thiraki ndipo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Tsopano anali woyembekezera, atapita kale padera kawiri, ndipo adokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza kunyamula zolemera, mimba iyinso ichoka. Anali ndi mantha, ndipo sanabise.

"Ndikungopempha kuti mmodzi wa inu awatenge amayi mpaka ndichire," anawauza abale ake atatu amene anawaitana.

Mng'ono wake, amene ankayankha mafoni a makasitomala ku kampani ya intaneti, ndi amene anayamba, ndi kamawu kake kofewa ka kuntchito kaja.

"Achemwali, ine ntchito yanga ndi ya sapoti. Ndimadziwa kuti munthu akapanikizika amafuna womumvetsera. Muziimba nthawi ina iliyonse."

Chitsirizira wa m'banjamo, yemwe jezi ya timu yake sankaivula ngakhale kumaliro, anadziguguda pachifuwa.

"Ifetu ndi masapota enieni, timu ikamaluza sitiithawa. Kungoti kachipinda kanga mukukadziwa, nane ndimagona chopinda miyendo."

Telala anadziyankhulira chamumtima. Sapota amakuwa ali pabenchi, wothyoka mwendo amakhala wina.

Kenako achimwene aakulu, mmisiri womanga nyumba, anakonza kukhosi.

"Ana inu simuidziwa sapoti. Kusaiti komwe timamanga, sapoti ndi mtengo umene timaimika pansi pa silabu ya konkire. Suyankhula, umangosenza. Ukauchotsa konkire isanaume, zonse zimagwa." Analoza telala ndi kiyi wa galimoto. "Amayi anazolowera iweyo. Kuwasuntha panopa n'kuwapha."

Enawo anagwedeza mitu msangamsanga, nkhope zitamasuka. Anamwa tiyi wake, anamuyamikira kuti ndi wolimba mtima, n'kutsanzika.

Telala anatsuka makapu akulira ndi mkwiyo. Atatseka mpopi m'pamene anazindikira kuti m'nyumba muli zii. Mayi ake akafuna kuchimbudzi ankagogoda kapu ndi supuni, koma chiyambire masana supuniyo sinalire. Chitseko cha kuchipinda kwawo chinali chotsekuka pang'ono, ndipo nyumbayo inali yaing'ono.

Anawapeza ali pansi, pakati pa bedi ndi khomo, nsalu itanyowa, dzanja lakufa ndi sitiroko litapindikira kunsi kwa thupi.

"Ndamva zonse," anatero movutikira, pakamwa patapotoka. "Ndimati ndiyese ndekha, upumeko."

Telala anaimbira mng'ono wake. Foni inaitana mpaka kuduka. Ya achimwene inali yozimitsa, ya chitsirizira inayankhidwa ndi phokoso la mpira. Anagogoda pakhoma la aneba, koma anthuwo anali asanaweruke. Simenti inali yozizira ndipo mayi ake anali atayamba kunjenjemera.

"Usandinyamule, mwanangu. Ndifunditse bulangete, ndikhala pompano."

Mwana anagunda m'mimba. Telala anaika dzanja pamenepo kwa kanthawi, akupepesa chamumtima. Kenako anawerama, n'kulowetsa manja kukhwapa kwa mayi ake.