Bango Silidikira Kamera

Pofika mwezi wa Malichi, Sjoukje anali atawononga mayuro oposa 3,000 pa zida zojambulira, koma analibe ngakhale mphindi imodzi ya kanema wa bambo ake.

Bambo akewo, a Douwe, anali ndi zaka 76. Kuyambira ali mnyamata ankadula bango m'dambo la kuseri kwa mudzi, kulimanga mitolo ndi kuligulitsa kwa ofolera nyumba. Chaka chino ananeneratu kuti ndi chomaliza, mawondo akana. Bango limadulidwa m'nyengo yozizira yokha, imene kudziko lakwawoko imatha cha mu Malichi. Pakati pa Epulo mbalame zimakhala zayamba kumanga zisa, ndipo odula onse amatuluka m'dambo.

Sjoukje ankagulitsa mankhwala m'tauni. Pa masiku opuma ankaika timakanema ta m'dambo pa intaneti, ndipo omutsatira anali 212. Koma kanema uyu sanali wa iwowo. Amayi ake atamwalira, iye anafufuza m'mafoni onse a pabanja ndipo anapeza mawu awo pamalo amodzi okha, akuti, "Dikirani, ndikubwera," kuseri kwa phokoso la phwando. Ankawamvetsera mobwerezabwereza m'basi popita kuntchito. Sanafune kuti a bambo ake adzamusiyirenso mawu awiri.

Choncho anafuna kuti zonse zikhale bwino. Anaonera akatswiri a pa intaneti, ndipo aliyense ankati wojambula ndi foni ndi wongosewera. Anagula kamera. Kenaka anamva kuti galasi lake ndi losakwanira, anagula lina. Anagula choimikira cha miyendo itatu, nyale, chikwama. Pomaliza anaitanitsa kandege kojambulira m'mwamba, kolipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Masabata ankatha iye ali pathebulo la kukhitchini kuphunzira mabatani, bambo ake ali m'dambo okha.

"Kodi tikutsegula nyumba youlutsira mawu?" anafunsa Wiebe, mwamuna wake, atapunthwa pa katoni ina pakhomo. Sjoukje anamuuza kuti sakudziwapo kanthu. Wiebe anavomera kuti sakudziwadi, koma anati kalendala amaidziwa.

Loweruka lotsatira Sjoukje anakweza katundu yense m'bwato. A Douwe ataona kamera itaima pa miyendo yake, anavula chipewa chawo chothimbirira, nayamba kuyankhula ngati m'busa pamaliro. Manja amene anamanga mitolo zaka 60 anayamba kulakwitsa mfundo.

"Ukufuna ndiyang'ane kuti, mwanawe? Chinthu chakochi chikundiyang'ana ngati dokotala."

Mphepo inameza mawu onse. Lisanathe ola, kuzizira kunapha batire. Sjoukje anakhala pa mtolo wa bango, misozi ili pafupi, n'kutsegula katoni ya kandege kaja kuti mwina apulumutseko tsikulo.

Asanakatulutse n'komwe, bwato lina linafika. Anali Mayi Baukje, woyang'anira dambo, amene ankazungulira kuona malo a zisa. Anapereka moni kwa a Douwe, nawaseka kuti lero aoneka ngati akukafunsira mbeta. Kenaka anauza Sjoukje mosapita m'mbali kuti dambo ili ndi lotetezedwa, kandege sikaloledwa kuuluka, ndipo chindapusa chake si chamasewera.

"Kanafika liti?" anafunsa.

"Lolemba."

"Ndiye katsekereni momwemo. Chimene mwagula pa intaneti muli ndi masiku 14 chifikireni oti muchibweze, ndipo simufunika kupereka chifukwa. Alembereni lero, musadikire."

Sjoukje anati popanda zida zabwino kanemayo adzaoneka wotchipa, ndipo mwayi wina sadzakhala nawo. Mayi Baukje anatulutsa foni yawo yosweka pakona, namuonetsa kanema wa mbalame amene anajambulira ana asukulu. Chithunzi chinkagwedera pang'ono, koma kulira kwa mbalameyo kunkamveka ngati ili m'bwato momwemo. Anati chinsinsi ndi kamayikolofoni kobaya pa kolala, kovala ubweya wotchinga mphepo, ndipo laibulale ya m'tauni imabwereketsa milungu itatu kwa aliyense amene ali ndi khadi.

"Mukufuna anthu aone kamera yanu, kapena amve bambo anu?"

Sjoukje anatseka katoni ija. A Douwe anavalanso chipewa chawo.

Atafika kunyumba analembera ogulitsa aja, ndipo Lolemba anatumiza kandege. Ndalama zake zinabwera, ngongole inafafanizidwa. Kamera ndi galasi masiku ake obweza anali atadutsa kalekale. Anazigulitsa kwa munthu wina, nataya mayuro 500. Zinamuwawa.

Loweruka linalo anapita ndi foni m'thumba la jekete. Anabaya kamayikolofoni pa kolala ya bambo ake, nawauza kuti aiwale za iko. Foni anaitsamiritsa pa mtolo, iye n'kutenga chingwe kuyamba kuwathandiza kumanga. Mphindi khumi zisanathe a Douwe anali atayamba kumukalipira.

"Osati choncho, iwe. Gogoda matsinde pathabwa kaye afanane. Wofolera akalandira mtolo wotere adzanditukwana ndili m'manda."

Anamuonetsa momwe amapesera bango kuchotsa udzu ndi masamba, momwe amalipindira pafupi ndi khutu kuti amve ngati lauma. Anatchula maina a ngalande zonse, ngakhale zimene pamapu zilibe dzina. Anafotokoza za chaka chimene madzi anauma gwa ndi kuzizira mpaka Malichi, iwo n'kumakoka mitolo pamwamba pa ayezi. Anadandaula za mitengo ya bango lochokera kunja. Anaimbanso kanyimbo kena kamwano, n'kumuuza kuti kameneko afufute. Sanafufute.

Anabwerera masabata ena atatu, mpaka tsiku lotseka dambo. Sjoukje anasonkhanitsa maola asanu ndi limodzi. Pa intaneti anaikapo mphindi khumi ndi ziwiri zokha, ndipo anaonera anthu 340. Zotsalazo anazisunga malo awiri, n'kutumizanso kwa mlongo wake.

A Douwe anaonera ali pampando wawo, miyendo ili pa kampando kena, khofi akuzizira m'manja.

"Ndimayenda choncho ine? Ngati bakha?"

"Choncho ndithu, Ababa."

"Bwezeranso pamene ndikumanga paja."

Anabwezera kanayi.

Ngati muli ndi chinthu chimene mukufuna kujambula, yambani ndi chimene muli nacho m'thumba. Chida chimene chikusowa bwerekani kaye, muone ngati mukuchifunadi. Musanagule funsani ngati n'chololedwa kumene mukachigwiritse ntchito, musalowe ngongole chifukwa cha ntchito yapamtima, ndipo mukalakwitsa dziwani masiku anu obwezera. Zida zidzakhalapobe m'sitolo chaka chamawa. Munthu amene mukufuna kumujambulayo ndiye sangakulonjezeni zimenezo.