Mkono Wopanda Wotchi

Bizwick anakhuthulira bokosi la malemu pamphasa kachiwiri, ngati kuti katundu wa akufa amaswana akatsekeredwa. Munatuluka zomwe zija: jekete lonunkha girisi, sipanala yothyoka kukamwa, mpeni wosadzira maluwa, ndi timapukusi ta mbewu tokulungidwa m'masamba a nthochi.

"Alamu," anatero osayang'ana n'komwe mkazi wa malemu mkulu wake, "wotchi ilibe miyendo. Siyenda, sikwera mumtengo."

Lestina anali atatsamira chipupa, biriwita lake atafunda mpaka kumutu. Maliro a mwamuna wake Yesaya anali ataikidwa kale, ndipo misozi inali itamuuma. Chimene chinatsala chinali mantha. Adzukulu amene anasambitsa mtembo ananena poyera kuti pamkono panalibe kanthu, koma kamzere kotuwa kokha pamene pankadutsa lamba. Mawu amenewo anali atazungulira kale mudzi wonse wa m'mphepete mwa esiteti, mpaka kwa amayi othyola tiyi kumtunda.

"Sindinaione, alamu," anayankha.

"Mawa tikumeta. Ikapanda kuoneka, ine sindikusudzulani. Mudzakhala choncho, ndipo aliyense adzadziwa chifukwa chake."

Miriam, mwana yekhayo wa malemuyo, anasuntha khanda lake kumsana. "Bambo aang'ono, amayi sanachoke pambali pa odwala ngakhale pang'ono."

"N'chifukwa chake ndikufunsa iwowo."

Kunena zoona, Bizwick sanali munthu woipa. Pali anthu amene chisoni chimawatulukira m'maso, ena chimawatulukira pakamwa, ndipo iye anali wa gulu lachiwirili. Anayenda wapansi kuchokera ku Khonjeni m'chiperoni chozizira, n'kupeza manda atakwiriridwa. Pa mwambo, katundu wa mwamuna ndi wa abale ake, ndipo iye sankafuna jekete kapena sipanala. Ankafuna chinthu chimene chinkagona pakhungu la mbale wake. Polankhula ankasisita mkono wake wamanzere, wokhota pang'ono kumunsi kwa chigongono, umene unkamuwawa kukazizira. Unathyoka ali mwana, akuthawa chibalo cha Apwitikizi, pamene anaterereka pamiyala ya mtsinje wa Ruo. Yesaya ndiye anaumangirira ku timitengo ndi nsalu yake imodzi yokhayo, n'kulowa m'dziko lachilendo atavala masamba.

Wotchiyo panalibe amene sankaidziwa, chifukwa m'zaka zimenezo munthu wakuda wovala nthawi pamkono ankachita kulozedwa ndi chala. Yesaya anali ndi ntchito ziwiri kwa bwana mmodzi. Mmawa ankagona pansi pa lole m'galaja, masana ankagwada m'maluwa a dona, mkazi wa bwanayo, kunyumba ya pamtunda, kumene belu la kufakitale silinkamveka. Mapanga awiri avumbwitsa: akachedwa uku ankatukwanidwa, akafulumira uko ankatukwanidwanso. Tsiku lina atakwera lole yopita ku Limbe, analowa m'sitolo ya Mmwenye, ndipo nkhani ya zimene zinachitika mmenemo Lestina anaimva mpaka kuiloweza.

Mwini sitolo anayamba ndi yonyezimira ngati golide. Yesaya anapukusa mutu. Mmwenye anatulutsa ina yopyapyala, ya kalamba kosalala. Yesaya anapukusanso. Kenako anaona pakona kawotchi kachitsulo kotuwa, konenepa ngati chule, ka lamba wachikopa chokhuthala, kotchipa kuposa onse. Anakagwedeza, anakagogoda pathabwa, anakoka lamba ndi mano, mwini sitolo atagwira mtima.

"Imeneyo ndi yonyansa," anatero Mmwenye.

"Sindikufuna mkwatibwi," anayankha Yesaya. "Ndikufuna wantchito mnzanga."

Ndipo inagwiradi ntchito. Inamwa mafuta, inadya dothi, galasi linakandikakandika, koma mmawa uliwonse akapotokola kamutu kake inkayamba kugunda mosanyinyirika. Ana a m'mudzi ankaima pamzere kuti aiike kukhutu. Yesaya ankaivula pokasamba pokha, ndipo Lestina ankamunena kuti m'nyumba muli akazi awiri, wamkulu ndi wachitsuloyo.

Tsono inapita kuti? Lestina anabwerera m'maganizo ku Lamulungu lomaliza lija. Kunali kutawomba chimphepo, ndipo atachokera kutchalitchi Yesaya anatsikira kudimba lake kumtsinje, chifuwa chili kale phwii. Anabwerako atanyowa, akunjenjemera, n'kulowa m'bulangeti osatulukamonso. Chibayo chitamukwera anayamba kubwebweta m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira mapemphero ndi ukali. "Mwana wathyoka msana," ankatero. "Ndam'manga. Musam'masule." Lestina anathamangira kukaona khanda la Miriam, n'kulipeza likuyamwa bwinobwino. Anangoti ndi malungo akulankhula.

Mmawa wa tsiku lometa kunacha ndi nkhungu. Tsitsi litagwa, amayi a m'mudzi anamutenga Lestina kupita naye kumtsinje kukasamba, mutu uli mbee, mphepo ikumuluma m'makutu. Palibe amene ankalankhula naye. Mayi wina amene ankadyera naye mbale imodzi ankayenda cham'mbali, maso ali kutchire. Izi zinamupweteka kuposa mawu onse a Bizwick.

Njira inkadutsa m'mbali mwa dimba la Yesaya. Mpiru unali utatalika, nyemba zitagwa pamitengo yake. Kumapeto kwake kunali kamtengo ka peyala kofika pachifuwa, kamene anameretsa kuchokera ku nthanga yotola kudzala la dona. Anthu anamuseka pamene ankakabzala. Malo ndi a esiteti, kapitawo akhoza kukuthamangitsa mawa, ndipo peyala sabereka msanga. Iye anangoti adzadya ena.

Lestina anaima. Pakati pa thunthu la kamtengoko panali chinthu chakuda.

Anapatuka, amayi akumuitana, n'kulowa m'mpiru wonyowa. Chimphepo chija chinali chitang'amba kamtengoko pamphanda, kutsika mpaka pakati. Wina anali atalumikiza mbali ziwirizo, n'kuika timitengo tiwiri uku ndi uku, n'kumata balalo ndi dothi. Luzi panalibe. Chimene chinagwira zonsezo pamodzi chinali lamba wachikopa, womangidwa zolimba pabowo lomaliza, ndipo kawotchi kotuwa kanayang'ana kum'mawa, galasi lili ndi mame.

Anagwada pomwepo. Sanaikhudze. Ankangoyang'ana, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa m'tchalitchi mopanda anthu.

"Miriam," anatero chapansipansi, "kaitane bambo ako aang'ono. Mwana uja ndi uyu."

Bizwick anafika akupuma mofulumira, amuna ena ali m'mbuyo. Amene anali m'nyumba dzulo lake anayang'anana, chifukwa wotchi yosakwera mumtengo ija inali itakwera. Koma palibe anaseka. Onse anaima mozungulira, zipewa zili m'manja, ndipo kunkamveka madzi okha a mumtsinje.

Bizwick anawerama n'kupukuta galasi ndi chala. Mivi inali itaima. Anagwira kamutu n'kupotokola pang'onopang'ono, monga ankaonera mkulu wake akuchitira. Anaika khutu. Nkhope yake inasintha.

"Ikugunda," ananong'ona.

Mayi wina anagwira pakamwa. Mvula yonse ija, mame onse aja, mwini wake ali m'manda, koma wantchito mnzake anali akudikirabe.

"Ndi yanu, alamu," anatero Lestina. "Tengani."

Bizwick anakoka nsonga ya lamba, kachitsulo kanatuluka m'bowo. Nthawi yomweyo mphanda ija inayamba kuyasamula, dothi louma linagwa, ndipo mkati munaoneka mnofu wobiriwira umene unali utangoyamba kugwirana. Anaima, manja ali pomwepo. Anayang'ana timitengo tiwiri tija, mmene tinasemedwera, mmene tinagonekedwera, kena kutsogolo kena kumbuyo. Kenako anayang'ana mkono wake wamanzere, ndipo anauyang'ana nthawi yaitali.

Misozi imene inakana kutuluka kuchokera ku Khonjeni inatuluka tsopano, ndipo sanaibise.

"Alamu, pakamwa panga pandilakwitsa," anatero. "Anthu onsewa amve. Mulibe mlandu. Ndinu omasuka."

Lestina anangowomba m'manja mofatsa.

Bizwick anakanikiza mbali ziwiri zija ndi dzanja la mkono wake wokhota uja, n'kukoka lamba mpaka pabowo lomaliza. Anatapa dothi lonyowa n'kumatanso balalo, kusalaza ndi chala chachikulu.

"Miriam, bwera uone mmene amapotokolera. Mmawa uliwonse, pang'onopang'ono, ukamva kulimba usiye."

"Nanga mudzaitenga liti, bambo?"

Bizwick anapukuta manja pa udzu, n'kutembenuza pang'ono galasi lija kuti mvula isamaligwere.

"Mwanayu akadzachira," anatero.