Zala Ziwiri pa Mkono wa a Chidendene

A Chidendene, wosoka nsapato wa pakona pa msika, phunziro la zaumoyo ndi masewera olimbitsa thupi ankalidziwira kunsi kwa nsapato. Teremu iliyonse ana a sekondale ankabwera nazo zitayasama ngati ng'ona, ndipo iwo posoka ankangoti, “Sukulu yothamanga.”

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankamutcha Nyenje chifukwa pakamwa sipankatsekeka, anabwera tsiku lina ndi kope latsopano.

“Ababa, a Mayi Wezulo, aphunzitsi a zaumoyo ndi masewera aja, atipatsa ntchito. Masiku khumi ndi anayi, m'mawa uliwonse, tiziwerenga kugunda kwa mtima wa munthu wa pakhomo.”

“Werenga wa mphaka.”

“Akuti munthu. Ndiye pakhomo pano munthu ndi inuyo basi.”

Zinali zoona. Chimwalirireni mayi a Nyenje zaka zitatu zapitazo, m'nyumbamo anatsalamo awiri. A Chidendene anapereka mkono akuyang'ana kukhoma. Nyenje anaika zala ziwiri pamtsempha, maso pa wotchi, ndipo kwa mphindi yathunthu anakhala chete, chinthu chimene bambo ake anali asanachionepo.

Tsiku lachitatu mtsikanayo anachita tsinya.

“Ukudumpha.”

“Chiyani?”

“Mtima wanu. Ukugunda, kugunda, kenako zii, kenako ukuthamanga.”

“Zala zakozo ndi zimene zikudumpha.”

Koma iwo ankadziwa. Panali patatha miyezi akuona chizungulire akamadzuka pa kampando kawo, ndipo kachitunda ka kumsika ankakakwera mopumira. Sanauze munthu. Kuchipatala kunalowa mkazi wawo akuyenda yekha, natuluka atanyamulidwa, ndipo iwo analumbira mumtima kuti pakhomo limenelo sadzapondaponso.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, kutsogolo kwa kashopu kunaima mayi wamfupi, wa miyendo yolimba ngati ya tebulo, wezulo ili m'khosi. Anaika pabenchi nsapato yothamangira yong'ambika kuphazi.

“Ndine mphunzitsi wa mwana wanu. Ndine uja ndakumalizirani ulusi ndi kuthamangitsa ana.”

“Mubwere Lachisanu.”

“Chabwino. Koma ndili ndi kamlandu, Bambo. M'kalasi mwanga muli ana makumi asanu. Ambiri alemba 72 kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ngati mitima ya kwawo inagulidwa sitolo imodzi. Wina walemba za agogo ake oti anamwalira chaka chatha. Wanu yekha ndiye kope lake lili ndi manambala osokonekera. Ndiye mwina sadziwa kuwerenga, ndimulepheretse, kapena akudziwa. Ndibwerekeni mkonowo.”

A Chidendene akanatha kukana zambiri, koma osati kuti mwana wawo alephere chifukwa cha iwo. Anapukuta guluu pa epuloni, natambasula mkono.

Mayiyo anakhala pa bokosi la misomali osafunsa ngati ndi loyera. Kunja njinga zinkaliza mabelu. Anawerenga mphindi imodzi, nabwerezanso.

“Mwana wanu salakwitsa,” anatero.

A Chidendene anatola zingano wawo.

“Ine si dokotala,” anapitiriza mayiyo. “Dzina la vutoli sindilidziwa, ndipo sindikunamizani kuti ndikulidziwa. Ine ndimaphunzitsa ana kuthamanga, kusamba m'manja ndi kumvetsera thupi likamalankhula. Lanulo lalankhula, ndipo wamva ndi mwana wanu. Dzulo anzake akusewera mpira, iye anakhala pansi pa mtengo atagwira mkono wake, kuyerekeza ndi wanu. Nyenje, wosalankhula tsiku lonse. Munaziona zimenezo?”

“Ndili ndi ntchito.”

“Ntchito yake ndi nsapato yangayo? Ndili nayo ina. Idikira.”

Ananyamuka, nakutumula siketi, napita osatembenuka.

Masana onsewo a Chidendene anasoka nsapato imodzi yokha, ndipo anaisoka mokhota mpaka anaiphwasulanso.

M'mawa mwake Nyenje anawapeza atakhala patebulo, atavala malaya oyera ndi nsapato zakuda zimene zinali zisanatuluke m'kabati chichokereni kumaliro a mkazi wawo. Mkono unali kale patebulo.

“Werenga kaye,” anatero. “Ukatha utenge kopelo. Tipitire limodzi.”

Kuchipatala namwino anatsegula kope lija, nalondola manambala ndi chala, tsiku ndi tsiku, mpaka pomwe panalembedwa kuti “apa unadumpha kanayi.”

“Walemba izi ndani?”

“Mwana wanga,” anatero a Chidendene. Kenako anawonjezera, “Amaphunzira kusukulu.”

Namwino anawalowetsa kwa dokotala, ndipo anatulukamo akuyenda okha, ali ndi mapiritsi ang'onoang'ono ndi tsiku lobwereranso.

Lachisanu a Mayi Wezulo anapeza nsapato yawo itasokedwa mizere iwiri, yomwe a Chidendene ankangosokera nsapato za mwana wawo.

“Mubweretse inzakeyo,” anatero wosoka nsapatoyo osadzutsa mutu. “Nayonso ndiione.”