Batani Limene Shamima Anandidinitsa

Amene anandilakwira ndi Shamima, mwana wa mlongo wanga Ajira, ndipo anachita zimenezi chaka chatha Ramadani itangotha.

Ndinkagwira ntchito ku bungwe la ogula nsomba ku Monkey Bay. Kuseri kwa ofesi kuli kachipinda ka makompyuta olumikizana, okoka pamodzi ngati mabwato a khoka limodzi. Ndi amene amatumiza mitengo ya usipa pa mafoni a mamembala. Sukulu sindinapite nayo patali, koma maso ndili nawo. Pulogalamu ina ikafa, pagalasi pankafiira, ine n'kuimbira Shamima ku Blantyre, iye n'kundiuza poti ndidine. Ikafunika pulogalamu yatsopano ankabwera yekha, n'kutha masiku akulemba tizilembo take, akudya kwathu.

Ulendo umenewo anafika mano onse ali pamtunda.

"Amjomba, zinthu zaphweka. Zonse zimene ndinkavutika nazo zija ndazimanga mtolo umodzi. Kungodina kamodzi, kamadziika kokha pa makompyuta onse."

"Kakudziika kokhako n'kachiyani?"

"Kapulogalamu koyang'anira anzake. Tingoti kapitawo."

"Kapitawo wa ndani?"

"Aa, amjomba, mafunso ngati apolisi a pamsewu! Mawa mudzavale kanzu yanu yabwino ija."

Kwathu kuno bwato latsopano sililowa m'madzi wamkulu asanaligwire ndi kunena Bismillah. Shamima akudziwa zimenezi, anakulira pakhomo panga. M'mawa mwake komiti yonse inadzaza m'kachipindamo, ndipo iye anandigwira dzanja pamaso pa wapampando, Che Atumani.

"Amjomba angawa ndi amene asunga makinawa zaka zonsezi. Ulemu woyamba ndi wawo."

Anthu anawomba m'manja. Ndinanena Bismillah, ndinadina batani limene anandilozera. Zilembo zinathamanga pagalasi, ndipo tiyi asanazizire Shamima anati zatha.

"Tsopano taonani," anatero, n'kupha pulogalamu imodzi mwadala.

Pagalasi panafiira. Dzanja langa linalowa lokha m'thumba kufuna foni, chizolowezi. Ndisanaitulutse n'komwe, kufiira kunachoka.

"Mwaona? Kapitawo uja waidzutsa yekha. Palibenso zoimba mafoni."

Anawombanso m'manja. Che Atumani yekha sanawombe, ankayang'ana nsapato zake. Mwezi utatha anandiitana n'kundipempha kiyi wa kachipinda kaja.

"Mukundichotsa?"

"Ife tikuchotseni bwanji, Che Nasiri? Anadina ndani? Anthu onse anaona. Ndipo Shamima anatifotokozera asanabwere kuti kachipindako sikadzafunanso munthu. Timayesa mwagwirizana pachibale."

Nkhani inafika kumsika ine ndisanafike. Mwanabibi, wogulitsa usipa, anandikuwa ndili patali.

"Che Nasiri, bwerani mudine apa usipa wanga uzidziyanika wokha!"

"Ndidina pakamwa pakopo patsekeke."

"Ayi, inu chala chanu chimangotseka ntchito!"

Msika wonse unaseka, ngakhale ana amene ndinawaona akubadwa.

Ndinamuimbira Shamima.

"Iwe, unkadziwa?"

"Amjomba, ndinkafuna muzipumako. Ndi maondo anuwo..."

"Maondo anga anakudandaulira liti? Ukanadina wekha bwanji?"

"Sindikukumvani bwino, amjomba, netiweki ikuduka."

Netiweki yake imaduka pa funso lomwelo nthawi zonse. Ine ndine mwini mbumba, ndiye ndinaitanitsa a pabanja kuti mwanayo adzayankhe pamaso pa onse. Amuna anabwera, akazi anabwera, mkeka wake unakhala wopanda munthu. Ajira anati mwana watanganidwa, ntchito za masiku ano si zathu zija, abwera akapeza mpata. Ena anayamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Sabata yatha Shamima anali ku Makokola kukaika kapitawo yemweyo pa hotela ina. Galimoto yake inaima pamsika, anagula chambo kwa Mwanabibi, kwathu sanakhote. Kiyi ali ndi Che Atumani, ndipo pa mpando wanga aikapo ndowa ya madzi osambira m'manja.