Tili Bwino Kumchira

"Tulani ndowayo," anatero alamu anga atanditsekera njira pakati pa mabedi a anyezi. "Tulani, alamu, musanathyoke khosi."

Ndinatula. Madzi ena anakhavukira pa mapazi awo koma iwo sanasunthe. Anayang'ana anyezi wanga, nsonga zitapsa, masamba atagona chammbali. Kenako anatsikira m'ngalande, nawerama, natapa dothi la pansi pake. Linali fumbi lokhalokha.

"Madzi anafika liti kuno?"

"Amafika," ndinayankha.

"Sindinafunse ngati amafika. Ndati liti?"

Sikimu yathu ya ulimi wothirira inali ndi ngalande imodzi yochokera kumtsinje. Minda yoyandikana ndi chitseko cha madzi tinkaitcha kumutu, yakumapeto tinkaitcha kumchira. Chitseko chikatsegulidwa, akumutu ankayamba kuthirira. Chaka chimenecho mtsinje unatsika msanga, moti nthawi yotseka inkakwana madzi asanapitirire pakati. Kumchira tinaliko azimayi okhaokha, ena amasiye, ena amuna awo ali kutali ku maganyu. Munda wanga unali womaliza pa yolimidwa. Kupitirira apo kunali kamunda kamene mwini wake anakataya kalekale.

Alamu angawa anali mlongo wa malemu amuna anga. Anthu ankawatcha a Wailesi, chifukwa akayamba kuyankhula panalibe pozimitsira. Anali atangosankhidwa kumene kukhala wapampando wa sikimu. Azibambo atalimbirana mpandowo mpaka kutopa, anagwirizana zoikapo mzimayi, poganiza kuti azimukhotetsa ngati ng'ombe ya pangolo. Anasankha ng'ombe yolakwika.

"Ndakhala ndikupemphera," ndinatero.

"Pempherani, n'zabwino. Koma Mulungu yemweyo ndi amene anakuboolani pakamwa. Mwana wanu akuti mukufuna kusiya munda mukakhale naye m'tauni. N'zoona?"

"Anyeziyu akafa, ndilibe mbewu ina."

"Mukakhale m'chipinda chimodzi ndi apongozi ndi zidzukulu, inuyo? Mungathe sabata?"

Ndinkadziwa kuti sindingathe. Munda umenewo tinauswa mphanje ndi amuna anga, ndipo m'mawa uliwonse ndikafikapo ndinkayamba ndagwada pakona pamene iwo ankakonda kusiya khasu.

Alamu anatenga ndowa yanga yaikulu, nandipatsa yaing'ono. Anati yaikuluyo imawakhala bwino pamutu. Tinapita kumtsinje ndi kubwerako mpaka dzuwa linapendeka, iwo akuthira madzi pang'onopang'ono patsinde pa anyezi aliyense, pakamwa posatseka.

"Mawa kuli msonkhano," anatero potsanzika. "Ndikakuitanani, mukangonena zimene maso angawa aona. Basi."

Msonkhano unachitikira m'shedi yosungiramo feteleza. Azibambo anakhala pa mabenchi, ife tinayala matumba pansi. Alamu anaimirira kutsogolo, nanena mfundo yawo mosazungulira: tsiku lina madzi aziyambira kumutu monga kale, tsiku linalo akumutu azitseka timipata tolowetsera madzi m'minda yawo mpaka madzi afike kumchira.

Woyamba kuimirira anali amuna awo omwe. Iwowa ndi amene ankasunga kiyi wa chitseko cha madzi, womangirira pa lamba, n'chifukwa chake tinkawatcha a Makiyi.

"Mayi wapampando," anatero mwaulemu wonse, ngati sanadzuke nyumba imodzi, "chibadwire chanu, munaonapo munthu akumwetsa ng'ombe kumchira?"

Anthu anaseka.

"Ng'ombe ikamwa, madzi amafika thupi lonse, bambo Makiyi. Yathuyi yabooka pakhosi."

Azimayi anaseka chobisa m'zitenje. Koma bambo wina wolima kabichi pafupi ndi chitseko anaimirira akukanda chibwano.

"Mayi wapampando, inunso mumalima kumutu ngati ife. Odandaulawo ali kuti? Ife sitinamvepo munthu akulira. Kapena mukulirira maliro a eni, eni ake akuseka?"

"Alipo," anatero alamu. Anandiloza. "Alamu, imirirani. Auzeni anthuwa. Muli bwanji kumchira kuja?"

Ndinaimirira. Nkhope zonse zinatembenukira kwa ine. Mawu amene ndinakonza m'njira anandithawa onse. Anatsala ndi aja amene lilime linazolowera kuyambira ndili mwana, amene munthu amayankha ngakhale ali chigonere pamphasa.

"Tili bwino," ndinatero, "kaya inu kumutu?"

Shedi yonse inagwa nalo phwete. Ena mpaka anagwirana mapewa.

"Ifenso tili bwino, zikomo," anayankha a Makiyi akupukuta misozi. "Mwadzimvera nokha, mayi wapampando."

Nkhani inathera pomwepo. Ndinakhala pansi. Mayi wina wakumchira, amene anakhala pambali panga, anandikokera thumba lake kuti ndisakhale pa simenti, nandigwira dzanja mpaka msonkhano unatha.

Potuluka ndinkayembekezera kuti alamu andikalipira. Anangondisasa fumbi la feteleza kumsana.

"Wolakwa ndine," anatero. "Funso lija ndinalifunsa ngati moni."

Akanandikalipira, bwenzi zitandipepukira. Madzulo amenewo sindinapemphere za madzi. Ndinapempha Mulungu kuti andimasule lilime, kapena andipatse mtima wovomera kupita m'tauni.

M'mawa mwake ndili kumunda ndinaona beseni likubwera pamwamba pa udzu, pansi pake pali alamu, khasu paphewa. Anandipitirira, nakatula m'kamunda kotayidwa kaja. M'besenimo munali mbande za tomato.

"Ndasamuka," anatero.

"Nanga munda wakumutu?"

"Ndawasiyira a Makiyi, azilima kiyi wawoyo. Mbande zonse za m'nazale ndazula. Kuyambira lero wapampando azilima kumchira."

"Alamu, zifa izi."

"Zikafa ndiye kuti chaka chino kwathu kulibe tomato. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Bwerani, mundikumbire mayenje."

Tinawokera tsiku lonse, n'kuthirira ndi ndowa. Koma dothi la m'kamundako linali ndi ludzu la zaka zambiri, moti madzi ankangolowa ngati taponya m'dzenje. Pofika tsiku lotsatira mbande zinali zitaweramitsa mitu. Alamu anathyola masamba a mtengo, nayamba kuzika tsamba limodzilimodzi pambali pa mbande iliyonse kuti ipeze mthunzi. Ndinkawayang'ana chakumbali. Anayenda chogwada mzere wonse, osayimba, osang'ung'udza, osanyoza munthu. A Wailesi anali atazima.

Chete ameneyo ndi amene anandidzutsa. Anyezi wanga ndinkatha kumuyang'ana akufota n'kunena kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Koma alamu osayankhula sindinathe kuwayang'ana.

Tsiku lotsegula madzi ndinalawirira. Ndinadutsa alamu ali kale m'kamunda kawo, ndinawauza kuti ndikubwera. Ndinayenda m'mbali mwa ngalande kulowera kumutu. Azimayi akumchira atandiona sanafunse kumene ndinkapita. Mmodzi anasiya khasu, wina anabereka mwana, ndipo pofika pakati ndinamva mapazi ambiri kumbuyo kwanga.

A Makiyi anali pachitseko ndi azibambo akumutu, kiyi ali m'manja.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero.

Lilime linayamba kuthamangira njira yake yakale. Ndinaliluma.

"Sindinadzuke bwino."

Yankho lotere pa moni a Makiyi anali asanalimvepo. Anayang'ana anzawo.

"Pepani," anatero potsiriza. "Ndi mutu?"

"Ayi. Ndi mchira."

Bambo wakabichi uja anayamba kuseka, koma ataona kuti akuseka yekha analeka. Ine ndinapitiriza, maso ali pa kiyi chifukwa nkhope zawo sindikanazitha. Ndinawauza kuti m'ngalande yathu nkhuku zimasamba fumbi. Ndinawauza kuti mayi amene anabereka mwanayo amatunga madzi kumtsinje ali ndi pakati. Ndinawauza kuti anyezi wanga akafa ndisiya munda umene ndinalima ndi amuna anga, mlamu wawo wa a Makiyi, amene iwo omwe anamunyamula popita kumanda. Mawu anga anatuluka onse.

"Bwanji simunanene kumsonkhano?" anafunsa a Makiyi motsitsa.

"Ndinapatsidwa moni. Ndinayankha moni."

A Makiyi anatembenuza kiyi m'manja. Kenako anatembenukira kwa anzawo.

"Lero tsekani timipata. Tiyese tione."

"Koma msonkhano unagamula kale," anatero wakabichi.

"Msonkhano unamva kuti ali bwino. Lero akuti sali bwino. Ndiponso inu kwanu mukuyankhulidwa. Ine kwanga wailesi inazima dzana, nyumba ikuchita kuopsa."

Sanavomere onse ndi mtima umodzi. Wakabichi anatseka kampata kake akung'ung'udza kuti ndi lero lokha, ndipo zinatengadi misonkhano ina kuti likhale lamulo. Koma m'mawa umenewo azimayi anaima aliyense pa kampata ka mwini, manja kumbuyo, akucheza za ana ndi za matenda, mpaka timipata tonse tinamatidwa ndi matope. A Makiyi anapotokola kiyi.

Madzi oyenda m'ngalande youma safulumira. Amayamba amwetsa ming'alu yonse, akukankha zinyalala ndi nyerere patsogolo. Tinayenda nawo limodzi ngati tikuperekeza mlendo wokalamba, a Makiyi ali patsogolo kuchotsa zitsotso ndi khasu. Munda uliwonse wakumchira unapatsidwa gawo lake, ndipo potsala wanga ndi wa alamu, madzi anali atachepa ngati mkono wa mwana.

Ndinatsogola kuti ndikawauze alamu. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa ngalande, pamalire pa munda wanga ndi wawo, msana atatsamira beseni, mapazi ali m'ngalande, ali m'tulo. Anaika mapaziwo dala kuti madzi akabwera awadzutse.

Sindinawadzutse. Pamalirepo ngalande imagawika, kanjira kena kulowa kwanga, kena kwawo. Ndinayang'ana anyezi wanga, ndinayang'ana mbande zawo pansi pa timasamba tija. Anyezi amapirira, tomato wongowokera sapirira. Ndinanyamula chibuma chachikulu n'kutseka kanjira kanga.

Madzi anafika, nakhudza zidendene zawo. Anatsegula diso limodzi, naona chibumacho, nachikankha ndi phazi mpaka chinatseka kanjira kawo.

"Yambani inu," anatero.

Ndinachibweza. "Zanu zifa lero."

"Wanu wayamba kale kufa. Musandiyankhe, ndine wapampando."

"Kuno si kumsonkhano."

"Taonani, alamu aphunzira kuyankha. Ndani wakuphunzitsani mwano?"

A Makiyi anafika, naima pamwamba pathu, khasu paphewa, thukuta lili chuchuchu.

"Ndavutika kuwabweretsa madziwa," anatero, "ndiye mukulimbirana kuwakana?"

Tinali titagwada m'matope, ine ndikukankhira uku, alamu akukankhira uko, manja anayi pa chibuma chimodzi. Chibumacho chinanyowa, chinafewa, kenako chinaphwanyika pakati pa zala zathu. Madzi anadutsa m'manja mwathu, ena kulowera kwa anyezi, ena kwa tomato, ife tikadagwiranabe.