Bambo Leonard Alowa Sabata

Mwa anthu onse a pa esiteti ya tiyi, Vailet yekha ndiye anapemphera ku parishi Lamulungu lija, chifukwa anali ku boma kukaona mlongo wake wodwala. Anakhala kumbuyo, mvula ikugogoda malata. Bambo Mfumu Leonard atayamba zolengeza, iye anangotolapo mawu awiri: "ndikuchoka" ndi "sabatiko".

Lolemba pa sikelo, akudikira kuyezetsa tiyi, anaulula.

"Abambo akutisiya. Akulowa Sabata."

"Iwe Vailet, usatinamize!" anatero Olivia, mnzake wa mu kwaya.

"Ndamva ndi makutu angawa."

A Goodson, kapitawo wawo, amene ndi a Sabata enieni, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Abwere, tikawamiza mumtsinje! Koma nkhumba asiye, ndi tiyi yemwe."

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira malayini onse a nyumba za antchito. Kenako a katekisiti a Mathew anadzanena kuti Abambo abwera kudzachita Misa yotsanzika Loweruka m'katchalitchi ka pa esiteti.

"Loweruka? Mwaona, ayamba kale!" anatero Olivia. Amayi a kwaya anapangana kuti asapiteko. Wotaya mpingo samuimbira nyimbo.

Tsikulo Vailet anangoti akasuzumire pawindo, aone ngati Abambo avalabe mkanjo. Anali atavala. M'katchalitchi munali a Mathew ndi nkhalamba zochepa, mabenchi ali pululu. Abambo anamuona, namukodola kuti alowe.

Misa itatha Abambo anafotokoza modekha. Ambuye Episkopi anawapatsa chaka choti akapume, akaphunzire Malembo, ndipo akayende kumalo oyera kumene Yesu anaponda. Pa Chingerezi amati sabatiko. Abwera Loweruka chifukwa mawa lake anyamuka, ndipo sanafune kupita osawaona anthu a pa esiteti, amene anamanga nawo katchalitchi aka.



"Mayi Vailet," anatero Abambo, akupinda mkanjo, "anzanu a kwaya ali kuti? Ngati ndinawalakwira, mundiuze. Ndisapite nazo kutali."

Vailet anaweramitsa mutu. Anayang'ana zala zake zakuda ndi utomoni wa tiyi.

"Akubwera, Abambo. Mungodikira pang'ono."

Anatuluka, nathamanga kudutsa m'munda, chitenje chikukodwa m'mitengo ya tiyi. Khomo ndi khomo ankangoti, "Ndinamva molakwa, tiyeni!" Ena ankachapa, ena anali kumtsinje. Olivia anamuyang'ana, kenako anakatenga mpango woyera wa kwaya.

Vailet atafika pamtunda pa katchalitchi, amayi ali pambuyo pake wefuwefu, galimoto la Abambo linali litatsika kale, likukhota pa mabulugamu kulowera msewu wa ku Limbe. A Mathew ankatseka chitseko.

"Adikira ndithu," anatero. "Akuti muwakhululukire."

Amayi onse anatembenukira kwa Vailet. Iye anakhala pansi pa udzu wonyowa, nafunda chitenje kumutu.