Mbuna ya mkamwini wanga

Mkazi wanga Anjelina atamwalira, abale ake sanadikire kuti chaka chithe. Patangopita miyezi inayi, a Caleb, alongo ake aakulu, anandiitanira pakhonde pawo kwa Msakambewa n'kundiuza kuti andisudzula. Zaka makumi anayi ndi ziwiri ndinakhala pamudzi paja. Nyumba ya malata ndinamanga ine, bulugama ndinabzala ine, koma mkamwini amakhala mlendo mpaka imvi. Kumene ndinabadwira kunalibenso wondidziwa. Ndiye mwana wanga Eleanor, amene amaphunzitsa pa Ntchisi Boma, anabwera kudzanditenga.

Tili m'njira anandiuza kuti, "Ababa, nyumba ija ndi ya amuna anga, a Solomoni. Avomera kuti mukhale, koma chonde, zam'nyumbamo musamalowerere. Mukayambana nawo, ine ndilibe kwina kokusungani."

Ndinavomera. Ndikanatani?

Anandipatsa kachipinda kakuseri, pafupi ndi khitchini. A Solomoni ali ndi sitolo ziwiri za mbewu ndi feteleza, ina pa Boma, ina kwa Kasakula. Tinkapatsana moni patali, monga zimayenera pakati pa munthu ndi mpongozi wake. Sitinkadyera pamodzi. Mawu anga opita kwa iwo ankadzera mwa Eleanor, ndipo awo obwera kwa ine ankadzeranso momwemo. Ena amati umenewo ndi ulemu. Mwina ndi ulemudi, koma mawu odzera m'kamwa mwa munthu wina amafika atasuluka.

Mwezi wa Meyi a Solomoni anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi thanki yagalasi, yotalika ngati benchi ya anthu awiri. Anaiika pabalaza, anathiramo mchenga ndi madzi, analumikiza kapampu kotulutsa thovu ndi chotenthetsera madzi. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini. Zinthu zimenezi ndimazidziwa. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'nyumba ya mzungu wina ku Lilongwe, ndipo thanki zake zitatu ndinkasamala ndine. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma nsomba za m'galasi palibe angandiphunzitse.

Patatha sabata anabweretsa nsombazo m'majumbo a madzi. Munali magapi khumi ndi awiri, tinsomba tating'ono ta michira yotambalala ngati nsalu. Munalinso zina zisanu ndi imodzi za mzere wowala m'nthiti. Jumbo lomaliza linali ndi mbuna imodzi yaikulu, yabuluu, ya mizere yakuda. Anathira zonse pamodzi.

"Iyi ndiye mfumu," anatero a Solomoni, akugogoda galasi. "Taona mtundu wake, Eleanor. Yafanana ndi makatani."

Nsomba sasankha ngati makatani. Umayamba waona kukamwa, chifukwa imene ingakwane m'kamwa mwa inzake ndi ndiwo. Kenako umaona khalidwe. Magapi ndi ofatsa, amasambira mwaulesi, michira ikukwekwereka. Mbuna ndi nsomba ya m'miyala, imadzisankhira malo ake n'kumamenya chilichonse chodutsapo. Ngakhale madzi amene zimakonda si amodzi. Mbuna imakhala ndi mbuna zinzake, zambirimbiri, pakati pa miyala yoti zizibisalamo.

Ndinam'peza Eleanor akusenda mbatata. "Ukawauze amuna ako kuti yabuluuyo imaliza tinzake tonse."

"Ababa, tinagwirizana chiyani m'njira muja?"

"Sindikulowerera. Ndikungonena."

Anakanena. Sindikudziwa anakanena motani, koma ndinamva a Solomoni akuseka pabalaza, kuseka kofuna kuti ndimve. "Apongozi anaziphunzira kuti zansomba? Kwa Msakambewa kwabwera nyanja? Chabwino, poti ndi akatswiri, azizidyetsa ndiwo. Akhaleko ndi chochita."

Ndinayamba kuzidyetsa, kam'mawa ndi madzulo, chakudya chongotsina ndi zala ziwiri. Pasanathe masiku atatu, michira ya magapi inali itang'ambikang'ambika. Tsiku lachisanu ndinavuula kamodzi katafa. Kenako ena awiri. Totsalato tinkaunjikana pakona yam'mwamba, kuseri kwa chotenthetsera, mbuna ikuyendera pansi ngati kapitawo wa pa esiteti. Alendo akabwera inkaoneka yofatsa. A Solomoni ankangoiona madzulo itakhuta.

Kachisanu ndi chimodzi katafa, Eleanor anabwera kuchipinda kwanga. Sanakhale pansi.

"Akuti mukuzidyetsa kwambiri, Ababa. Akuti si nkhumba zimenezi."

"Nkhumba imang'ambika mchira ndi gaga?"

"Ine ndangotumidwa. Akutinso zisanabwere m'manja mwanu zinali bwino. Chonde samalani. Ayamba kuyankhula zina."

Zinazo sanazitchule, koma ndinazimva. Nkhalamba imene akwawo kwa mkazi anaithamangitsa, ikalowa m'nyumba zinthu n'kuyamba kufa, anthu sachedwa kuipezera dzina.

Lachisanu lina mu Juni a Solomoni anapita kwa Kasakula kukaona sitolo, n'kunena kuti abwerako Lamlungu. Ndinaganiza kuti mpata ndi umenewu. Ndikaichotsa mbunayo masiku awiri, osafa kena, ndidzakhala ndi umboni woti munthu aone ndi maso ake. Eleanor ali kusukulu, ndinatenga sefa ya ufa, n'kuivuula. Inandivuta, inandithira madzi kumaso. Ndinaiika mu ndowa yoyera, ndi madzi a m'thanki momwemo, n'kuikamo miyala itatu. Ndowayo ndinaiika kuseri kwa chitseko changa, n'kuvindikira ndi lichero. Eleanor atabwera anafikira kuchonga makope, thanki sanaiyang'ane n'komwe. Magapi anatsika pakona paja, anayamba kusambira ponseponse. Ndinasangalala tsiku limenelo, sindibisa.

Kunja kutacha, nkhungu inali itaphimba phiri lonse, udzu uli mbuu. Ndinavundukula lichero. Mbuna inali itagona cham'mbali, buluu uja atasanduka ngati phulusa. Ndinapisa chala m'madzimo, anali ngati a mumtsuko.

Chotenthetsera. Ine amene ndinakhala zaka zonse zija ndikuyang'ana kanyali kofiira ka chotenthetsera m'mawa uliwonse, ndinaika nsomba ya madzi ofunda pasimenti ya ku Ntchisi mwezi wa Juni. Maganizo anga onse anali pa a Solomoni, pa nkhope imene adzaonetse ndikadzawatsutsa. Za kuzizira sindinaziganizire.

Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga madzi a m'ketulo, n'kumathira pang'onopang'ono. Inagwedeza zipsepse kawiri. Pamene dzuwa limafika pazenera, inali itauma.

Ndinakhala pabedi nthawi yaitali. Kenako ndinaganiza zoibwezera m'thanki, kuti ioneke ngati yafa yokha. Ndinaiika pa sefa, n'kulowera khomo la kukhitchini mwakachetechete. Ndinkayesa Eleanor ali kochapa. Anali pabalaza, atawerama pagalasi, akuifunafuna.

Anayang'ana sefayo, anayang'ana ine.

"Ababa, mwatani?"

Ndinafotokoza zonse. Ndinam'sonyeza magapi, kuti taona, lero sikanafe ngakhale kamodzi. Sanayang'ane.

"Ukangowauza kuti yafa yokha," ndinatero.

"Ndiwanamize amuna anga? M'nyumba mwawo?"

"Ndine bambo wako."

"N'chifukwa chake ndinakupemphani, Ababa. Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani."

Lamlungu masana a Solomoni anafika. Sanakalipe. Anatuma Eleanor kuti andiitane pabalaza, anandipatsa mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyankhula mwachindunji.

"Apongozi, nsomba si kanthu, ina igulidwa. Koma munthu wotenga chinthu pabalaza panga ine kulibe, n'kukachibisa kuseri kwa chitseko chake, ndingamasuke naye bwanji? Lero ndi nsomba."

"Inkapha zinzake," ndinatero.

"Ndiye mwaiweruza, mwaipha."

Eleanor anali chiimire pakhomo, maso ali pansi.

A Solomoni anati kuseri kwa sitolo ya kwa Kasakula kuli chipinda, ndipo pakufunika munthu wamkulu woyang'anira pamalopo. Anakunena ngati akundikweza pantchito. Lachiwiri ndinakwera pamwamba pa matumba a feteleza, chikwama changa chili pamiyendo.

Ndi kumene ndili mpaka lero. Chipindacho chimanunkha mankhwala a chimanga, ndipo ndimatsokomola. Eleanor amabwera kamodzi pamwezi ndi shuga ndi sopo. Ulendo wapitawu anandiuza kuti chichokereni ine sikanafenso kansomba, ndipo magapi aswana, tiana tadzaza m'thanki. Akuti a Solomoni amauza alendo kuti vuto linali kadyetsedwe.

Atatsala pang'ono kunyamuka, anayamba kusisita foni yake.

"Lachisanu akupita ku Lilongwe. Akufuna ina yaikulu, yooneka bwino, yolowa m'malo mwa ija. Sanandiuze kuti ndikufunseni, koma ine ndikudziwa kuti inu mumazidziwa. Agule yotani, Ababa?"

Mayankho abwino ndinali nawo. Pali nsomba zofatsa zokongola, zimene zingakhale ndi magapi zaka ndi zaka. Palinso ina yotchedwa osika. Amaigulitsa ili yaing'ono, ya mawanga ofiira, yamaso aulemu, ndipo imazolowera mwini wake mpaka kudya m'manja. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi imaposa chikhatho, ndipo imameza chilichonse.

"Akagule osika," ndinatero. "Imeneyo adzaikonda."

Analemba dzinalo mufoni, akulitchula pang'onopang'ono. "Zikomo, Ababa. Ndimadziwa kuti simungasunge mangawa."

Wa njinga yamoto anali akudikira pamsewu. Eleanor anakwera, anakonza chitenje, anandibayibitsa. Panali nthawi yokwanira yoti ndim'itane. Ndinaima pakhonde mpaka fumbi litatha, kenako ndinalowa kukatsegulira mayi wina amene ankafuna mbewu ya nyemba.